Malo a m'thupi omwe a ku China amabaya pochiza chifuwa

Mwafunsa kuti ochiza mwa chikhalidwe cha ku China amabaya singano pati munthu akamatsokomola, komanso ngati mungayesere kunyumba. Singano asiyireni omwe anaphunzira ntchitoyi. Inu gwiritsani ntchito chala.

Yambani ndi Lieque, malo otchedwanso LU7. Lumikizani manja anu pampata wa chala chachikulu ndi cholozera, cholozera cha dzanja limodzi chigone pa mkono winawo. Pomwe nsonga yake yathera, pakadzenje kakang'ono pa fupa la mbali ya chala chachikulu, ndi pomwepo. Dinikizani mozungulira kwa mphindi 1 kapena 2, kenaka sinthani dzanja.

Kachiwiri, pindani chigongono pang'ono. Pamzere wopindikawo, kunja kwa mtsempha wolimba wa pakati uja, pali Chize, LU5. Makhololo akachuluka ochizawo amawonjezera Fenglong, ST40, pakati pa bondo ndi kakolo, chakunja kwa fupa la msongolo.

Tiantu ali pakadzenje ka m'munsi mwa khosi. Apa sisitani mopepuka, musatsamwitse munthu. Feishu, BL13, ali kumsana pakati pa mapewa, ndipo pamenepa ndi pomwe ndimachenjeza kwambiri: singano ikalowa mopitirira imatha kuboola phapo.

Kusisitaku sikupha tizilombo. Chifuwa chikafika masabata 2, kapena chikabwera ndi magazi, thukuta la usiku, kuwonda kapena kubanika, pitani kuchipatala akayeze makhololo ngati muli TB.