Kusankha zitsulo zochingila konkili pa malumikizo osafunika kudontha madzi

Malangizo awa ndi a omanga matanki a madzi, ma septic tank ndi zipinda za pansi pa nthaka, pamene konkili siingathilidwe yonse tsiku limodzi. Malo amene konkili yakale ikumana ndi yatsopano ndiwo amayamba kudontha, ndipo citsulo cimene mwachingila konkili yoyamba ndico cimakonza kapena kuononga malowo.

Sankhani sefa wacitsulo wokhala ndi nthiti, monga Hy-Rib kapena Stremaform. Uyu sacotsedwa ngati mashatala, mapulanga ochingila konkili, amatsalila m'konkili momwemo. Pothila, phala la simenti limatulukila pang'ono m'timabowo take n'kuuma mokakala, ndiye konkili yaciwili imagwila zolimba popanda kusema ndi chizulo. Kulimba kwa sefa kugwilizane ndi kunenepa kwa silabu kapena kutalika kwa khoma, cifukwa konkili yaiwisi imakankha kwambili ca m'munsi. Gulani wokutidwa ndi zinki. Ngati m'tankimo mudzakhala madzi oipa kapena mankhwala, injiniya anene ngati pafunika stainless steel, citsulo cosacita dzimbili.

Sefa payekha satseka madzi. Ambili amalakwitsa pamenepa, ndipo ogulitsa ena salongosola. Pakati pa mlumikizo pafunika waterbar, lamba wochinga njila ya madzi. Alipo wa PVC, alipo wa lata lopakidwa mankhwala ogwilana ndi konkili, aliponso kamzele kamene kamafufuma kakanyowa. Wa PVC amapindika msanga konkili ikamugwela, conco sankhani sefa wokhala kale ndi kacitsulo komugwilizila kuti aime cilili. Wa lata alowe m'konkili yoyamba mosacepela mamilimita 30, ndipo pepala lomuteteza musalimatule mpaka nthawi yothila mbali imeneyo. Wofufumayo ngwosavuta kuika, koma m'nyengo ya mvula, kuyambila Novembala mpaka Epulo, samalani naye. Akanyowa konkili isanathilidwe amafufumilatu, ndipo nchito yake yathela pomwepo. Mu Lusaka, makamaka ku Kanyama kumene madzi a pansi ali pafupi, dzenje limene mwapopa madzulo mumalipeza ladzalanso m'mawa. Kumalo otelo ine ndingasankhe wa lata.

Sefa asafike kunja kwa khoma. Adulidwe kuti athele pakati pa mizele iwili ya zitsulo za m'kati, ndipo konkili yokuta zitsulo isacepele mamilimita 40, monga unanenela muyezo wakale wa ku Britain wa BS 8007 pa zomanga zosunga madzi. Citsulo cikaonekela kunja cimacita dzimbili, dzimbililo limang'amba konkili, madzi n'kupeza polowela. M'mbali mwa sefayo ikani timapulanga timene mudzacotsa konkili ikagwila.

Pothila, poker, cipangizo cogwedezela konkili, isakhudze sefa, ndipo musakhuthulile konkili pa iye mwacindunji. Thilani capatali, ifike yokha. Koma mozungulila waterbar gwedezani bwino, cifukwa timphako ta mphepo totsala pamenepo ndito tidzadutsitsa madzi. Musanathile yaciwili, tsukani phala lofewa ndi fumbi, cotsani utuci ndi tizidutswa ta waya, ndipo nyowetsani konkili yakaleyo popanda kusiya zithaphwi.

Waya wa nkhuku kapena malata otsala pa denga si zolowa m'malo mwa sefa ameneyu, ngakhale bwana atadandaula za mtengo. Tanki ikatha, idzazeni madzi ndi kuyang'ana malumikizo onse musanakwilile dothi.