Kafukufuku woyerekeza mankhwala: kamugwiritseni ntchito chonchi m'wodi

Mukamva kuti kwabwera mankhwala "oposa", funsani kaye kuti akuposa chiyani. Ngati anawayerekeza ndi mapiritsi opanda mphamvu, ine sizindisuntha. Ndimafuna apikisane ndi omwe ali kale m'kabati mwathu.

Titenge malungo aakulu. Kafukufuku wa AQUAMAT, amene anatuluka mu 2010, anatenga ana 5,425 m'maiko 9 a mu Africa, Mozambique ndi Tanzania ali momwemo. Ena anawapatsa kwinini, ena artesunate. Apa onani zinthu ziwiri: odwalawo akufanana ndi athu, ndipo chomwe anawerenga ndi imfa, osati kuchepa chabe kwa tizirombo m'magazi.

Manambala muziwerengera nokha. Pa ana 100 olandira kwinini amamwalira 10.9, pa artesunate 8.5. Pamisonkhano amakonda kunena kuti imfa zinatsika ndi 22.5 peresenti, zomwe n'zoona, koma chotserani: kusiyana ndi 2.4 pa 100. Ndiye kuti mukasintha mankhwala kwa ana pafupifupi 41, mmodzi amene akanatisiya amapita kwawo. Nambala imeneyi ndi yomwe anamwino amaimvetsa msanga pa lipoti la m'mawa.

Musasinthe panokha ayi. Onani ngati malangizo a Unduna wa Zaumoyo avomereza. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, anasintha awo mu 2011 n'kuika artesunate patsogolo.

Chotsala ndi manja anu, ndipo pamenepa ndi pomwe zambiri zimalakwika. Mwana muyezeni pasikelo, osangomuyang'ana n'kuganizira. Wosakwana makilogalamu 20 amalandira 3 mg ya artesunate pa kilogalamu iliyonse, ena onse 2.4 mg. Ufa wa artesunate wa 60 mg muthire 1 ml ya bicarbonate (madzi osungunulira ufawo), khutchumulani mpaka uyere mbee, kenako onjezerani 5 ml ya saline (madzi amchere a dripu) ngati mukubaya mumtsempha. Ukakhala wa mbuu, tayani. Bayani pomwepo, bwerezani pakatha maola 12, kenanso pa maola 24 kuchokera pa jakisoni woyamba, ngakhale mwanayo atadzuka n'kuyamba kulirira phala. Akatha kumeza amalize LA yense, masiku atatu.

Artesunate nayenso ali ndi pake. Ena magazi amawathera patapita sabata imodzi mpaka zitatu. Potulutsa mwana, auzeni mayi ake kuti akaona zikhatho zayera kapena mkodzo wada, abwere naye tsiku lomwelo, ndipo tsiku lodzayezanso magazi lilembeni m'buku lake lakuchipatala.