Mmene mungakonzere chimbale cha nyimbo za gulu la demoscene

Demoscene ndi gulu la anthu opanga ma demo, omwe ndi timapulogalamu ta pa kompyuta toonetsa zithunzi zoyenda pamodzi ndi nyimbo. Musanasonkhanitse nyimbo iliyonse, sankhani ngati chimbalecho chidzakhala chomvera pa wailesi ya CD kapena cha mafayilo otsegula pa kompyuta. CD yomvera imakwana mphindi 74 kapena 80 zokha, ndipo nyimbo sizingapitirire 99, pomwe CD ya mafayilo ya 700 MB ingasunge nyimbo zambirimbiri za MOD, S3M, XM ndi IT, popeza mafayilo amenewa amangokhala ndi tizidutswa ta mawu ndi malangizo a kayimbidwe kake.

Lemberani wopeka aliyense kuti akupatseni chilolezo, ndipo mumufunse dzina limene akufuna kuti lilembedwe, pakuti ambiri m'gululi amadziwika ndi mayina odzipatsa okha.

Ntchito yofuna kudekha kwambiri ndi yosandutsa nyimbozo kukhala mafayilo a mawu a mtundu wa WAV ya 44.1 kHz ndi 16 bit, imene CD yomvera imafuna. Pulogalamu ya OpenMPT imachita zimenezi bwino, koma mvetserani chilichonse ndi mahedifoni. Nyimbo zopekedwa pa kompyuta yakale ya Amiga zimaponya mawu ena kukhutu lakumanzere lokha, ena lakumanja lokha, zomwe zimatopetsa. Ine ndimakonda kuwayandikitsa pang'ono pakati, koma pokhapokha mwini nyimbo atavomera. Nyimbo zambiri zimabwereranso poyambira osatha, choncho sankhani pomwe mawu adzazilale pang'onopang'ono.

Ngati mu CD ya mafayilo muikamo ma demo akale a DOS (pulogalamu yakale yoyendetsera kompyuta), mayina a mafayilo asapitirire zilembo 8, kuonjezapo 3 za mtundu wake, ndipo yesani chimbale choyamba pa makina angapo musanachulukitse.