Kuonetsa zithunzi pa webusaiti: konzani kaye zithunzi, plugin ibwere pambuyo

Munthu akakhala ndi webusaiti, kaya ndi ya sukulu, ya bungwe, ya bizinesi kapena ya ntchito yake yojambula, limafika tsiku loti aonetse zithunzi zambiri pa tsamba limodzi. Ambiri akafika pamenepo amafunsa kuti, ndiike plugin iti, kutanthauza kapulogalamu kowonjezera pa webusaiti? Funsoli ndi labwino, koma limabwera nthawi yake isanakwane. Gallery imene imachedwa kutseguka, kapena imene imamaliza data ya mlendo asanaone n'komwe chithunzi chachitatu, kawirikawiri vuto lake silikhala plugin. Limakhala zithunzi zimene mwini webusaiti anaziika asanazikonze. Choncho malangizo anga ayambira pa zithunzizo.

Timvetse kaye mmene gallery ndi lightbox zimagwirira ntchito. Gallery ndi tizithunzi ting'onoting'ono toyalidwa m'mizere pa tsamba. Lightbox ndi zija zimachitika mukadina kachithunzi kamodzi: tsamba limachita mdima kumbuyo, chithunzi chachikulu n'kubwera patsogolo, ndipo mumatha kupita pa chotsatira osachoka pa tsambalo. Njirayi inatchuka ndi kapulogalamu ka JavaScript kamene Lokesh Dhakar analemba mu 2005, ndipo ma plugin ambiri a masiku ano akutsatabe nzeru yomweyo. Phindu lake lalikulu ndi lakuti mlendo amalandira kaye tizithunzi topepuka, ndipo chithunzi cholemera chimabwera pokhapokha iyeyo akachifuna. Gallery ikamakoka zithunzi zazikulu n'kungozifinya kuti zioneke zazing'ono, ndiye kuti phindu limeneli latayika, lightbox yangotsala yokongoletsa basi.

Tiwerengere limodzi. Foni yokhala ndi kamera ya 12 megapixel imajambula chithunzi cha ma pixel pafupifupi 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi, ndipo chimodzi chimalemera mwina 3 MB mpaka 5 MB. Mukaika zithunzi 40 zotere pa tsamba limodzi mmene zilili, chilichonse cha 4 MB, mwasenzetsa mlendo wanu katundu wa 160 MB. Amene ali pa intaneti yothamanga ya mu ofesi sangazindikire kanthu. Koma amene ali pa foni, netiweki ikuvutavuta, angodikira pang'ono n'kutseka, ndipo sabweranso kudzakuuzani chifukwa chake.

Ntchito yoyamba ndi kusankha. Mlimi sabzala njere zonse zimene wakolola, amapatula zabwino zokhazokha, ndipo inunso teroni ndi zithunzi. Ngati pa mwambo wina munajambula zithunzi 300, zoyenera kuonetsa mwina ndi 25. Zisanu zofanana za munthu mmodzi ali pamalo amodzimodzi, tengani chimodzi. Ndikudziwa kuti kusiya chithunzi chimene unajambula wekha kumawawa, koma zosiyidwazo simukuzitaya, zikhala mu kompyuta yanu.

Mukasankha, zichepetseni musanazikweze. Pa lightbox, mbali yaitali ya chithunzi ikakhala ma pixel 1600 mpaka 2000 ndi yokwanira pa sikirini zambiri. Sungani ngati JPEG, mlingo wa ubwino wake muuike pakati pa 75 ndi 85, ndipo mudzaona kuti chithunzi chija cha 4 MB chatsika kufika pa ma KB mazana ochepa, diso osaona kusiyana kwenikweni. WebP, mtundu wina wa fayilo ya zithunzi umene Google inatulutsa mu 2010, nthawi zambiri imapepuka kuposa JPEG, ndipo WordPress, pulogalamu yomangira mawebusaiti imene malangizowa akukamba, inayamba kuilandira mu 2021 pa mtundu wa 5.8. PNG isiyireni ma logo ndi zojambula za mizere, chifukwa chithunzi cha kamera chikasungidwa ngati PNG chimalemera mosafunika. Chida chaulere chotchedwa Squoosh chimagwira ntchito yochepetsayi mu browser momwemo, ndipo chimakuonetsani chakale ndi chatsopano pambali pambali kuti muone nokha pamene chayamba kuwonongeka.

Ena anganene kuti WordPress imachepetsa yokha. N'zoona ndithu. Mukakweza chithunzi imapanga makope angapo, monga la ma pixel 150, la 300 ndi la 1024, ndipo kuyambira mu 2019 pa mtundu wa 5.3, chithunzi chopitirira ma pixel 2560 imachipangira kope lochepa loti lizionetsedwa. Koma fayilo yoyambirira ija imakhalabe pa seva ikudya malo, ndipo 2560 ikadali yaikulu kwa munthu wa pa foni.

Pali chinthu china chimene ambiri sachiganizira. Chithunzi cha pa foni chimanyamula uthenga wobisika wotchedwa EXIF: tsiku, mtundu wa foni, ndipo ngati GPS inali yoyatsa, malo enieni amene munajambulira. Ngati zithunzizo ndi za kunyumba kwa munthu kapena za ana, uthenga umenewu uchotseni musanaziike pa intaneti. Mapulogalamu ambiri ochepetsa zithunzi ali ndi posankha kuti uthengawu usatsagane ndi kope latsopano. Pa nthawi yomweyo zipatseni mayina omveka m'malo mwa manambala aja kamera imaika. Mukazikweza lembani alt text, mawu ochepa ofotokoza zimene zili pa chithunzi. Anthu osaona amagwiritsa ntchito mapulogalamu owawerengera tsamba mokweza, ndipo mawu amenewa ndiwo amawauza zimene ena akuona. Gallery yopanda alt text kwa iwo ilibe kanthu.

Tsopano za plugin. Dzifunseni kaye ngati mukuifunadi. Kuyambira mu December 2018 pamene WordPress 5.0 inabwera, muli kale block ya Gallery, kachigawo ka tsamba koyala zithunzi m'mizere. Mu 2020 mtundu wa 5.5 unayamba kuchedwetsa wokha zithunzi za pansi pa tsamba mpaka mlendo atayandikira pamene zili. Mu November 2023 mtundu wa 6.4 unabweretsa lightbox yakeyake, yoti chithunzi chizikula munthu akachidina. Pamene inkabwera inkangokulitsa chimodzi chimodzi, yopanda mivi yopitira pa chotsatira, koma kwa munthu wa zithunzi zisanu ndi chimodzi pa nkhani imodzi zimenezi zimakwana. Plugin iliyonse imene mwawonjezera imabwera ndi mafayilo ake a JavaScript ndi CSS, ndiponso ndi khomo lina limene muyenera kumalilondera kuti akuba a pa intaneti asalowerepo.

Plugin imafunika mukakhala ndi ma album ambiri, mukafuna kuti alendo azisefa zithunzi potengera mutu, kapena mukafuna kayalidwe kamene WordPress payokha ilibe. Odziwika ndi monga NextGEN Gallery, Envira Gallery, FooGallery ndi Modula, komanso Jetpack ili ndi lightbox yake. Sindikusankhirani dzina. Pitani pa tsamba la plugin pa WordPress.org muone kuti inakonzedwa komaliza liti, inayesedwa mpaka pa mtundu uti wa WordPress, ndiponso mawebusaiti angati akuigwiritsa ntchito. Imene yatha zaka ziwiri osakhudzidwa ndi mwini wake, isiyeni ngakhale ikhale yokongola bwanji. Werenganinso bwino kuti mbali zimene mukuzifunazo zili mu yaulere kapena mu yolipira, chifukwa zithunzi zotsatsira nthawi zambiri zimaonetsa za yolipira.

Funso limene ndimaliona lofunika kwambiri, ndipo ndi ochepa amalifunsa, ndi ili: tsiku limene ndidzafune kuisiya plugin imeneyi, zithunzi zanga zidzakhala kuti? Ma plugin ambiri amaika gallery pa tsamba pogwiritsa ntchito kachizindikiro kotchedwa shortcode kapena block yawoyawo. Mukazimitsa plugin, pamene panali zithunzi pamangotsala timawu tosamveka kapena malo opanda kanthu. Ngati munapanga ma gallery 80 m'zaka zingapo, onsewo muwamanganso pamanja. Ma plugin ena amatenga zithunzi mu Media Library, mosungira zithunzi mwa WordPress, ndiye ngakhale plugin ichoke, zithunzi ndi mawu ake zimatsala pamalo odziwika. Ena, monga NextGEN, ali ndi chikwatu chawo chapadera chosungiramo. Njira zonse ziwiri zimagwira ntchito, koma dziwiranitu imene mwalowa. Yesani pa gallery imodzi yokha, zimitsani plugin, muone chimene chatsala, kenako ndiye mupitirize.

Lightbox ikhale imodzi pa webusaiti yonse. Zimachitika kuti theme, imene imapereka maonekedwe a webusaiti, ili ndi yake, plugin ya gallery ili ndi yake, ndipo plugin yomangira masamba nayo ili ndi yake. Mlendo akadina chithunzi zimatseguka ziwiri, ina pamwamba pa inzake, akatseka imodzi n'kupeza inanso ikumudikira. Mukaona zotere musathamangire kuika plugin yachinayi. Lowani m'ma setting, musiye imodzi yoyatsa, zinazo muzimitse.

Palinso njira yosunga zithunzi kwina, monga pa Flickr kapena SmugMug, plugin ngati Photonic n'kumazikoka kuti zizioneka pa webusaiti yanu. Ubwino wake ndi woonekeratu: seva yanu sidzaza, ndipo mukawonjezera chithunzi mu album kumeneko chimaonekeranso kwanu. Koma mwaika zithunzi zanu m'manja mwa eni ake ena, amene amasintha malamulo akafuna. Google inatseka Picasa Web Albums mu 2016. Flickr, itagulidwa ndi SmugMug mu 2018, inaika malire a zithunzi 1000 pa akaunti yaulere kuyambira mu 2019. Mu December 2024 Meta, kampani ya eni ake a Instagram, inatseka njira imene ma plugin ambiri ankakokera zithunzi za pa akaunti wamba za Instagram. Nthawi iliyonse zoterezi zikachitika pamakhala mawebusaiti amene ma gallery awo amangoti zii. Sindikuletsa njirayi, ndi yothandiza kwa wojambula wa zithunzi zikwizikwi. Chimene ndikupempha n'chakuti mafayilo oyambirira muwasunge nokha malo awiri osiyana, ndipo API key, kiyi yolowera kosungira zithunziko imene plugin idzakufunseni, muisamale ngati password.

Pokonza gallery yeniyeniyo, onetsetsani kuti pa tsamba pakuyalidwa makope ang'onoang'ono, ndipo chachikulu chikudikira kudinidwa. Zithunzi zikapitirira 20 kapena 30, zigaweni m'masamba kapena ikani batani loti munthu adine akafuna zina. Zoti zithunzi zizisinthana zokha zimitsani, munthu aziona pa liwiro lake. Chithunzi choyamba cha pamwamba penipeni chisachedwetsedwe, chifukwa ndicho mlendo amayamba kuchiona. Mawu a pansi pa chithunzi akhale aafupi kuti asaphimbe nkhope za anthu pa sikirini yaing'ono.

Mukamaliza yesani, ndipo musayesere pa kompyuta imene mwamangirapo yokha, chifukwa browser yake yasunga kale zithunzizo ndipo ikunamizani kuti tsamba likuthamanga. Tengani foni wamba, zimitsani Wi-Fi, tsegulani tsambalo. Kodi kachizindikiro kotsekera kakuoneka, ndipo chala chikukwanapo? Mukakhwekhwereza chala chithunzi chikusintha? Chithunzi choimirira chikukwana pa sikirini kapena mutu wa munthu wadulidwa? Bwererani pa kompyuta, ikani mouse pambali, muyese ndi kiyibodi yokha: Tab ikufikitseni pa chithunzi, Enter atsegule, mivi isinthe, Esc atseke. Alipo anthu amene manja awo sawalola kugwira mouse, ndipo lightbox yosatseka ndi kiyibodi imawatsekera mkati. Kenako ikani adiresi ya tsambalo mu PageSpeed Insights, chida cha Google choyesera liwiro la tsamba. Google imati chinthu chachikulu cha pa tsamba chizioneka pasanathe masekondi 2.5, ndipo chidachi chikuuzani mayina a zithunzi zimene zikulemera.

Za kuteteza zithunzi ndinene mosabisa. Ma plugin ena amalonjeza kuletsa right-click kuti anthu asakope. Zimenezi sizitchinga aliyense wofunadi kuba, popeza chithunzi chikaoneka pa sikirini ndiye kuti chafika kale mu foni yake, ndipo screenshot ndi ya sekondi imodzi. Ngati zithunzi ndi malonda anu, ikani makope ochepa kukula, muwadinde dzina lanu pakona, zazikuluzo zikhale kwanu. Nanunso lemekezani za ena. Chithunzi chopezeka pa Google sikuti chilibe mwini. Gwiritsani ntchito zanu, zimene mwapatsidwa chilolezo, kapena za laisensi ya Creative Commons, ndipo mutsate zimene laisensiyo ikufuna, monga kutchula wojambula. Anthu amene nkhope zawo zikuoneka bwino apempheni kaye, ndipo ngati ndi ana pemphani makolo awo.

Gallery ikayamba kugwira ntchito, plugin yake muziikonza nthawi iliyonse mtundu watsopano ukatuluka, chifukwa zina mwa zosinthazo zimakhala zotseka mipata ya chitetezo. Musanatero tengani backup ya mafayilo ndi database yomwe, popeza mayina a ma gallery ndi mawu a pansi pa zithunzi amakhala mu database. Mukamaliza kukonza tsegulani ma gallery awiri kapena atatu pa foni, makamaka akale kwambiri amene simuwayendera kawirikawiri, mutsimikize kuti akutsegukabe.