Momwe mungayezetsere madzi ku labotale yovomerezeka muno m'chigawo cha Tete

Madzi a pamjigo akayamba kununkha dzimbiri, kapena mtsinje umene mumamwetsako ng'ombe ukasintha maonekedwe kumunsi kwa mgodi, kudandaula pakamwa pokha sikufika patali. Akuluakulu amafuna pepala la ku labotale, ndipo si pepala lililonse limene amalilemekeza.

Yambani ndi kusankha labotale. Yovomerezeka ndi imene akatswiri akunja kwake anaiyendera n'kuipatsa chiphaso cha ISO/IEC 17025. Malabotale a ku Mozambique amatenga ziphasozi ku mabungwe monga SADCAS, lomwe likulu lake lili ku Gaborone, kapena IPAC la ku Portugal. Musakhutire ndi chiphaso chopachikidwa pakhoma. Chimakhala ndi tsamba lina lotchula chimodzichimodzi zimene labotaleyo inavomerezedwa kuyeza, ndipo tsambali ndiye lofunika. Labotale ikhoza kukhala yovomerezeka poyeza malasha koma osati madzi, kapena poyeza mchere wa m'madzi koma osati tizilombo. Onaninso ngati tsiku la chiphasocho silinathe. Wokana kukuonetsani tsambali musamusiyire ndalama zanu.

Kenako gwirizanani chimene mukufuna kudziwa, chifukwa mtengo amawerengera pa chinthu chilichonse choyezedwa. Pa madzi akumwa yambani ndi E. coli (tizilombo ta m'chimbudzi), pH (muyezo wa asidi m'madzi), matope, nitrate, fluoride ndi ayironi. Kufupi ndi migodi ya malasha ya ku Moatize onjezerani sulphate ndi manganese. Kumene anthu amatsuka golide mumtsinje, musasiye mercury. Pemphani cotação yolembedwa, yosonyeza mtengo wa chilichonse m'mametikali, ngati msonkho wa IVA wa 16 peresenti walowa kale, komanso ngati mabotolo ndi mayendedwe akulipiritsa padera. Funsani ngati zina adzazitumiza ku Maputo kapena ku labotale ina, poti zimenezo zimakweza mtengo ndi kuchedwetsa yankho. Mukalipira, tengani lisiti.

Tsopano kutunga madzi, kumene ntchito yambiri imawonongekera. Mabotolo tengani ku labotale komweko. Botolo la zakumwa, ngakhale mulitsuke bwanji, limanamiza. Botolo loyezera tizilombo limabwera lophedwa kale majeremusi, choncho musalitsukuluze, musakhudze kukamwa kwake kapena mkati mwa chitsekerero, ndipo musalidzaze mpaka pakhosi. Siyani mpata pang'ono woti akalikhutchumule. Ngati madziwo ndi a pampopi othiridwa klorini, nenani, kuti akupatseni botolo lokhala ndi mankhwala oziziritsa mphamvu ya klorini. Mukapanda kutero, klorini imapitiriza kupha tizilombo panjira, madzi oipa n'kuoneka abwino. La zitsulo limabwera ndi timadontho ta asidi, totchinjiriza kuti ayironi asakhazikike pansi kapena kumamatira m'mbali mwa botolo. Asidiyo amawotcha, ana asaligwire.

Pamjigo pampani kaye kwa mphindi zingapo kuti madzi ogona m'mapaipi atuluke. Mumtsinje tungani pamene madzi akuyenda, botolo litaloza kumene akuchokera, ndipo tungani kawiri: kumtunda ndi kumunsi kwa malo amene mukuwakayikira. Popanda botolo la kumtunda, aliyense angathe kunena kuti mtsinjewo unali wotero kuyambira kale.

Lembani pabotolo malo, tsiku, ola ndi dzina la wotunga. Ngati pali mkangano, mfumu ndi a komiti ya madzi akhalepo monga mboni, kapenanso lipirani kuti a labotale abwere adzatunge okha.

Ikani mabotolo mu kolemani ya madzi oundana nthawi yomweyo. La tizilombo lifike pasanathe maola 6, ndipo likapitirira maola 24 n'lotayika. Kuchokera ku Ulongué kufika mumzinda wa Tete ndi makilomita oposa 200, ndipo mu Okutobala mzindawo umatentha kupyola madigiri 40. Tungani mbandakucha, kwerani shapa yoyamba, ndipo musatunge Lachisanu, kuopa kuti botolo lingagone mpaka Lolemba.

Zotsatira zikabwera, onani ngati pali chizindikiro cha bungwe lovomereza, ndiponso tinyenyezi tosonyeza zimene anayeza kunja kwa chiphaso chawo. Madzi akumwa amawayerekeza ndi lamulo la Diploma Ministerial 180/2004: m'madzi othiridwa mankhwala tizilombo ta m'chimbudzi tisapezeke ngakhale kamodzi mu 100 ml, pH ikhale pakati pa 6.5 ndi 8.5, nitrate asapose 50 mg pa lita, fluoride asapose 1.5 mg. Madzi otayidwa ndi migodi kapena mafakitale ali ndi lamulo lawo lapadera.

Ngati vuto ndi tizilombo, wiritsani madzi kapena thirani mankhwala a klorini a Certeza kuyambira tsiku lomwelo. Koma kuwiritsa sikuchotsa zitsulo, nitrate kapena fluoride. Nkhani ya mjigo pitani nayo ku SDPI, ofesi yoona za mapulani ndi zomangamanga ya boma lanu, ya kuipitsidwa kwa mtsinje ku AQUA, bungwe loyang'anira za chilengedwe. Perekani fotokope, aidinde kuti alandira, pepala lenileni likhale ndi komiti.