Mwana wobadwira ku England: chifukwa chake BCG amadikira masiku 28

Ambirife tili ndi kachipsera ka BCG, katemera wa TB, pamkono, ndipo kwathu katemerayu amabaya mwana atangobadwa. Ndiye agogo akamaimba foni kufunsa kuti mdzukulu wabayidwa kale, musathamangire kukangana ndi azamba. Ku England mwana amene makolo kapena agogo ake anachokera kudziko la TB yambiri, ngati Malawi, amalandira BCG ndithu, koma kuyambira mu September 2021 amadikira kuti akwanitse masiku 28.

Chifukwa chake ndi SCID, matenda osowa akumtundu omwe mwana amabadwa alibe chitetezo cha m'thupi. BCG ndi katemera wa tizilombo tamoyo tofooketsedwa, ndipo kwa mwana wotere tomweto tikhoza kufalikira thupi lonse. Chimodzimodzinso katemera wa rotavirus wa pa masabata 8. M'madera ena a England, magazi omwe amatenga kuchidendene kwa mwana pa tsiku lachisanu amawayezanso SCID, ndipo BCG amadikira kuti zotsatira zake zituluke kaye. Funsani ngati kwanuko amayeza, ndipo zotsatira muzione zitalembedwa m'buku lofiira la zaumoyo wa mwana musanakonze ulendo wokaonetsa mwana kumudzi.

Chimene chimandiwawa ndi nkhani zomwe sitikamba. Ngati kumtundu kwanu makanda ankamwalira ndi chibayo, kutsegula m'mimba kosatha kapena zilonda zoyera m'kamwa, makamaka ana aamuna a kuchikazi, auzeni azamba mimba isanakule. Mtundu wina wa SCID umadutsira mwa mayi n'kugwira anyamata okha. Afunseni amayi ndi azakhali, ngakhale zili zovuta kufunsa.

Chithandizo chilipo, ku Great Ormond Street Hospital ku London ndi ku Great North Children's Hospital ku Newcastle. Nthawi zambiri amamuika mwana maselo a m'mafupa a munthu wina wogwirizana naye. Kwa ana a mtundu wa SCID wotchedwa ADA-SCID, akatswiri akuyesa kutenga maselo a mwana mwiniyo, kukonza chibadwa chake n'kumubwezera. Zotsatira zomwe Great Ormond Street ndi yunivesite ya UCLA ya ku America anatulutsa mu 2021 zinaonetsa kuti ana 48 mwa 50 anapeza chitetezo chogwira ntchito.

Koma ana ena amadalirabe wowapatsa maselo, ndipo anthu akuda ndife ochepa m'kaundula wa anthu ofuna kupereka maselo. Bungwe la Anthony Nolan limalemba azaka 16 mpaka 30, la DKMS limalemba mpaka azaka 55. Amatumiza kathonje papositi, mumapaka m'kati mwa tsaya n'kubweza.