Laputopu yoyendayenda isakhale seva ya pulinta

Nyengo ino yolemba maina a alimi m'makalabu, maofesi ang'onoang'ono ambiri kuno kuchigwa cha Shire, kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Nsanje, ayamba kugwiritsa ntchito pulinta imodzi pa netiweki. Nzabwino zimenezo. Koma pafupifupi paliponse pomwe ndafika ndapeza vuto lomwelomwelo: pulinta ailumikiza ku laputopu ya munthu wosakhala pansi.

Kompyuta imene mwalowetsako chingwe cha USB cha pulinta ndiyo seva. Mnzanu akatumiza chikalata, chimayamba chafika pa kompyuta imeneyo, n'kuima pamzere, kenaka n'kutuluka papepala. Ndiye mwini laputopu akaipinda n'kukwera njinga yamoto kukayendera minda ku Ngabu, ntchito ya ofesi yonse yaima. Ngakhale angoitseka kuti akadye nsima, Windows imagona ndipo pulinta imasowa pa makompyuta ena onse. Otsala mu ofesi amangodina Print mobwerezabwereza. Madzulo mwini wake akabwera n'kuyatsa, zonse zija zimatuluka motsatizana, chikalata chimodzi kangapo, mapepala ndi inki n'kuthera pachabe. Mtengo wa katiriji mukuudziwa nokha.

Chondinyansa n'chakuti zikatere anthu amabwerera ku khalidwe lakale loyenda ndi fulashi kuchoka pa kompyuta iyi kupita pa inayo, mwinanso mpaka kukasindikiza kumsika. Fulashiyo imabwerako ndi vairasi ija yobisa mafoda n'kusiya ma shortcut okhaokha. Takhala tikunena zimenezi mpaka mawu kusasa. Netiweki munaikiranji ngati fulashi ikadali m'thumba?

Bambo wina, tcheyamani wa kalabu ya thonje kutsidya kwa Shire, anawoloka pa bwato m'mamawa kudzatenga mafomu. Anakhala pabenchi dzuwa lonse lija. Atamuuza kuti makina apita kumunda, anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Alangizi, makinawo si awa ndikuwaona patebulowa?" Anabwerera chimanjamanja, ndalama ya bwato italowa m'madzi, mawa lake n'kulipiranso.

Chochita n'chosavuta. Sankhani desikitopu yosachoka mu ofesi, ngakhale yakale, ndipo muiike podutsa mphepo, poti mu Okutobala ndi Novembala kuno kutentha kumapitirira madigiri 40. Ikani dalaivala ya pulinta, pulogalamu yothandiza kompyuta kulankhulana ndi pulintayo. Mu Settings ya Windows, pa Printers & scanners tsegulani Printer properties, pa Sharing chongani Share this printer, dzina likhale lalifupi lopanda mipata. Netiweki ikhale pa Private, File and printer sharing ikhale yoyatsa, Sleep muiike pa Never. Pa makompyuta enawo lembani \\dzina-la-kompyuta\dzina-la-pulinta mu File Explorer, ikafunsa pasiwedi mulembe ya akaunti ya pa seva.

Musaiwale kuipatsa sevayo adiresi ya IP (nambala yoidziwira pa netiweki) yosasintha, monga 192.168.1.10 ngati rauta yanu (kabokosi kolumikiza makompyuta pa netiweki) imayendera manambala amenewo, chifukwa magetsi akazima n'kuyakanso rauta ikhoza kugawa maadiresi mwatsopano, amene analumikiza ndi nambala yakale n'kuyamba kusakasaka. Ogwiritsa ntchito Linux m'malo mwa Windows, zanu ndi CUPS, pulogalamu yoyendetsa mapulinta, pa poti 631. Ngati muli ndi UPS, batire losunga magetsi akazima, lumikizaniko seva ndi rauta basi. Pulinta ya laser imakoka magetsi ambiri ikamatenthetsa, ndiye iyende payokha pakhoma.